MLANDU SUGWERA MUNTHU POPANDA UMBONI

Anzanga, ambiri a ife timaganiza kuti munthu akagwidwa ndi apolisi ndiye kuti walakwa basi. Ngakhale pa sukulu, cinthu cikasowa m'cipinda cogonamo, timathamangira kuloza cala mnzathu ndi kumuuza kuti aonetse yekha kuti sanabe. Ine ndifuna kukufotokozerani kuti m'bwalo la milandu zinthu siziyenda motero ai, ndi kuti pali cifukwa cace cabwino.

Lamulo loyamba ndi lakuti munthu sangalangidwe pa cinthu cimene sicinali coletsedwa pa nthawi imene anacicita. Zolakwa monga kuba ndi kupha zinalembedwa m'buku lochedwa Penal Code, limene linayamba kugwira nchito m'dziko muno m'caka ca 1930. Laciwiri ndi lakuti pa milandu yambiri woweruza amayang'ana zinthu ziwiri: cimene munthu anacita, ndi cimene cinali mumtima mwace pocicita. Mnyamata amene watenga buku la mnzace poyesa kuti ndi lace sanabe, pakuti analibe mtima wakuba. Lacitatu, limene liposa onsewo, ndi ili: munthu ali wosalakwa kufikira Boma litatsimikiza mlandu wace, kotero kuti munthu wanzeru sangakayikenso.

Popeza malamulo athu ambiri anacokera ku Mangalande, imvani nkhani ya kumeneko. M'caka ca 1934 mnyamata wina wogwira nchito pa munda, dzina lace Reginald Woolmington, anaombera mkazi wace amene anamthawa nabwerera kwa amai ace. Iye anati anatenga mfutiyo kuti amuopseze mkaziyo ponena kuti adzipha yekha, koma inalira mwangozi. Jaji anauza anthu 12 othandiza kuweruza kuti mnyamatayo ndiye ayenera kutsimikiza kuti inalidi ngozi, ndipo anamuweruza kuti anyongedwe. Koma m'caka ca 1935 bwalo lalikulu la House of Lords linafafaniza ciweruzoco. Lord Sankey anafotokoza kuti nchito yotsimikiza mlandu ndi ya woimba mlandu, si ya wozengedwa ai. Mnyamatayo anamasulidwa.

Tsono mlandu umayenda motere. Wapolisi akagwira munthu ayenera kumuuza cifukwa cace, ndi kumfikitsa ku bwalo maola 48 asanathe, kapena tsiku loyamba limene bwalo litsegula ngati nthawiyo yathera pa tsiku lopuma. Kumeneko amuwerengera mlandu namfunsa ngati avomera kapena akana. Akakana, woimira Boma amaitana mboni zace. Mboni iri yonse imayamba yalumbira, kenaka imanena zimene inaona ndi maso ace kapena kumva ndi makutu ace. Mphekesera za "ndamva kuti" kawirikawiri siziloledwa. Ikatha, wozengedwa kapena loya wace amaipanikiza ndi mafunso kuti ngati muli bodza lionekere poyera.

Mboni za Boma zikatha, woweruza amaona ngati pali mlandu woti munthuyo ayankhe. Ngati palibe, amam'masula pomwepo, ngakhale asanatsegule pakamwa. Ngati ulipo, munthuyo angathe kupereka umboni wace ndi kuitana mboni zace, kapena kungokhala cete. Akapezeka wolakwa amapatsidwa mpata wodandaula cilango cisanaperekedwe. Ngati sanakhutire angathe kucita apilo, kucokera kwa majisitireti kunka ku Bwalo Lalikulu, ndi kucokera kumeneko kunka ku Supreme Court of Appeal.

Mwina wina adzati, "Bwanji kutaya nthawi yonseyi pa mbala?" Mbiri ya dziko lathu ingamuyankhe. M'caka ca 1969 mabwalo a mafumu anapatsidwa mphamvu yoweruza milandu ikuluikulu monga ya kupha, ndipo maloya sanali kuloledwa kuimira munthu kumeneko. Bwalo lotere ndilo linaweruza Orton Chirwa, amene kale anali Nduna ya Zacilungamo, pamodzi ndi mkazi wace Vera, kuti anyongedwe pa mlandu woukira Boma m'caka ca 1983. Cilangoco cinasinthidwa kukhala ndende ya moyo wonse. Orton Chirwa anafera m'ndende ya Zomba m'caka ca 1992, ndipo mai Chirwa anatuluka m'caka ca 1993. Nkosadabwitsa kuti pamene Malamulo akulu a dziko lathu analembedwa m'caka ca 1994, ufulu wa munthu womangidwa ndi wozengedwa mlandu unaikidwa momveka bwino m'gawo 42.

Ndidziwa kuti nthawi zina wolakwa amapulumuka cifukwa umboni wacepa, ndipo zimenezi zimapweteka mtima wa wolakwiridwa. Komabe mbala yopulumuka lero ingathe kugwidwa mawa, pamene munthu wosalakwa amene khamu la anthu lamupha pa msika cifukwa wina wapfuula kuti "Wakuba!" sangadzukenso. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Ife amene tiri pa sukulu lero, ena tidzakhala apolisi, ena aphunzitsi, ena oweruza, ndipo ena tidzaima m'bwalo potinamizira mlandu. Tiyeni tiyambe tsopano kufunsa umboni tisanaloze munthu cala, pakuti caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe.