Kodi kunyenyezi kulibe munthu wakuda?

ULONGWE. Patsiku la msika ana amathithikana pamabenchi m'nyumba za vidiyo, maso ali tong'oo pa kanema. Mafilimu ambiri amadzera ku Malawi, ena atawamasulira kale m'Chichewa. Mwa nkhani zakale za nkhondo ya m'mlengalenga, yotchuka koposa ndi Star Wars, imene George Lucas adatulutsa ku America pa 25 Meyi 1977. Koma abale, tidayamba tafunsapo kuti ana athu akamaonera zotere amaona nkhope ya yani?

Gawo lina la filimuyi adakalijambulira mu Africa mommuno, m'chipululu cha Tunisia. Chikhalirecho, mwa ngwazi zake zonse mulibe wakhungu lakuda. Munthu wakuda alimo ndithu, koma ngati mawu chabe. Liwu logunda ngati bingu la Darth Vader, mdani wovala chigoba, ndi la James Earl Jones, amene adamwalira mu 2024. Wovala chigobacho adali mzungu, David Prowse, ndipo dzina la Jones silidalembedwe filimuyi itangotuluka, mwini wake atafuna choncho. Pamene chigoba chidavulidwa mu filimu ya 1983, nkhope yomwe idaoneka idali ya mzungu winanso.

Anthu atadandaula, mu 1980 mudalowa Billy Dee Williams monga Lando Calrissian, bwanamkubwa wa mzinda wa m'mitambo. Chodabwitsa chidadza mu 1983 mu Return of the Jedi. Lando ali ndi mnzake woyendetsa naye chombo, cholengedwa cha makutu aakulu chotchedwa Nien Nunb. Azungu adayesa kuti chikuyankhula chinenero chopeka. Chikhalirecho ena mwa mawu akewo adali Chikikuyu cha ku Kenya, ndipo adawayankhula ndi Kipsang Rotich, mnyamata wa ku Kenya amene ankaphunzira ku America. Anthu a ku Kenya adakondwa kumva chinenero chawo, komabe taganizani: chinenero cha anthu mamiliyoni adachisankha chifukwa kwa iwo sichinkamveka ngati cha anthu.

Ngakhale mu 2015, pamene John Boyega, mwana wa makolo a ku Nigeria, adakhala mmodzi mwa ngwazi zazikulu, Lupita Nyong'o wa ku Kenya adamubisa m'nkhope yopanga pa kompyuta.

Tsono imvani izi. M'chaka chomwecho cha 1977, bungwe la NASA lidaponya m'mlengalenga zombo ziwiri zenizeni, Voyager 1 ndi Voyager 2. Chilichonse chidanyamula mbale yokutidwa ndi golide yokhala ndi moni m'zinenero 55 za padziko. Chimodzi mwa izo ndi Chinyanja, chomwechi timagulitsira mbatata pamsika wa Ulongwe ndi pamalire a Calomue. Zombozo zidapitirira kale mapulaneti onse, ndipo moni wathu uli momwemo. Kumene filimu idatimana malo, sayansi yeniyeni idatikweza.

Akuluakulu amakumbukira kuti patapita zaka zochepa dziko litalandira ufulu mu 1975, magalimoto a kanema ankayendera midzi ya Mozambique kuonetsa Kuxa Kanema, ndipo anthu ankaona alimi onga iwo omwe pansalu yoyera. Mu 2019 kudatuluka The Boy Who Harnessed the Wind, nkhani ya William Kamkwamba wa ku Kasungu, amene adapanga magetsi a mphepo ndi zitsulo zotayidwa. Mbali yaikulu ya filimuyo ili m'Chichewa, ndipo katswiri wa sayansi mmenemo ndi mwana wa mlimi wa chimanga.

Sitikunena kuti Star Wars ithamangitsidwe. Ndi nthano yokoma, ana aionere. Koma inu eni nyumba za vidiyo, sakanizaniko ndi mafilimu amene mwana wa ku Domue kapena ku Tsangano angadzionemo ali wanzeru, osati wonyamula katundu. Ndipo inu makolo, mwana akabwerako mufunseni kuti ngwazi idali yani, kenaka mumuuze za moni uja. Paja akulu adati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.