Madzi Akacepa, Ayambe Kutunga Ndani?

Ku Karoi, m'dziko la Hurungwe, pa mseu wocokera ku Harare kunka ku Chirundu, mvula imayamba mu November nileka cakumapeto kwa March. M'dzinja palibe wodandaula. Koma cirimwe cikafika, makamaka caka ca cirala, madzi otsala m'mitsinje amawalimbirana anthu atatu: wothirira mbeu, wosunga madzi m'damu, ndi wopanga magetsi. Pamenepo lamulo liyenera kuchula woyamba kutunga ndi woyamba kusowa.

Itatha nkhondo ya 1939 mpaka 1945, Azungu ambiri anapatsidwa malo ku Karoi nayamba kulima fodya, ndipo pakati pa anchito ao panali anthu ambiri ocokera ku Nyasaland. Masiku amenewo madzi anali kuweruzidwa ndi lamulo la Southern Rhodesia la 1927. Madzi akumwa, ophikira ndi omwetsa ng'ombe anali a munthu ali yense. Koma wofuna kuthirira munda waukulu kapena kutseka mtsinje anali kupempha ku Bwalo la Milandu ya Madzi, ndipo tsiku la pempho lace linali kulembedwa. Woyamba kulembedwa ndiye anali woyamba kutunga. Mtsinje ukaphwera, mlimi wolembedwa mu 1950 anali kutenga gawo lace lonse, wolembedwa mu 1960 asanatenge ngakhale dontho, angakhale munda wace unali kumtunda kwa mtsinje. Cilolezoco sicinali kutha, ndipo cinali kutsata malo pogulitsidwa.

Ubwino wa lamuloli unali wakuti womanga damu anadziwa kuti ndalama zace sizidzatayika. Kuipa kwace kunali pa malo. Lamulo la 1930 logawa dziko linapatsa Azungu nthaka yabwino, ndipo anthu a m'midzi analibe kalata ya malo yopemphera madzi m'dzina lao. Pamene njira inawatsegukira, anapeza masiku oyamba atatengedwa kale. Lamulo la 1976 linasunga dongosolo lomwelo.

Zimbabwe inasintha zimenezi mu 1998. Madzi onse anaikidwa m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa mtundu wonse. Zilolezo zosatha zinafafanizidwa, nipabwera zilolezo za zaka zowerengeka, ndipo tsiku lolembedwa linaleka kukhala mfumu. Panakhazikitsidwa bungwe la ZINWA, ndi makhonsolo asanu ndi awiri, yense woyang'anira mtsinje waukulu pamodzi ndi timitsinje tace, monga Manyame ndi Sanyati. M'makhonsolomo mlimi wamkulu ndi wamng'ono amakhala pa bwalo limodzi.

Wopanga magetsi ali kunsi kwa onsewa. Madzi a ku Hurungwe ena amagwa mu Sanyati nafika ku Kariba. Ena amatsata Angwa ndi Manyame kufikira ku Cahora Bassa m'dziko la Mozambique. Khoma la Kariba linatha mu 1959, ndipo Atonga monga 57,000 anasamutsidwa kuti nyanja idzale. Madzi ambiri a nyanjayi amacokera kumtunda kwa Zambezi, kotero madamu a pa mafamu a Karoi saicepsa kwambiri. Komabe mlandu wa kagawidwe ulinso kumeneko. Kuyambira 1987 bungwe la Zambezi River Authority limagawira Zambia ndi Zimbabwe madzi opangira magetsi caka ndi caka. Mu November 2022 bungweli linauza a Zimbabwe kuti aleke kupanga magetsi ku tsidya lao, cifukwa gawo lao la caka cimeneco linali litatha. Magetsi akasowa, mapampu a alimi othirira nawonso amaima.

Cotero wothirira ndi wopanga magetsi amamwera citsime cimodzi. Lamulo silingaonjeze mvula. Nchito yace ndiyo kupangana kagawidwe ka kusowa madzi akali ambiri, kuti cirala cikadza, wa kumtunda ndi wa kunsi adziwiretu gawo lao.