KALULU ATSOGOLA, AGALU ALONDOLA

M'dziko la Malaysia muli kalabu ya anthu othamanga yochedwa Hash House Harriers. Inayambika mumzinda wa Kuala Lumpur m'caka ca 1938, ndipo mmodzi wa oiyambitsa anali A. S. Gispert.

Wothamanga mmodzi, amene amuchula "kalulu", amatsogola namwaza timapepala m'minda ya mitengo ya mphira. Anzace, ndiwo "agalu", amalondola timapepalato. Kaluluyo amaikanso njira zonama, kotero kuti aliwiro akasocera nabwerera, ofooka amawapeza.

Opambana salandira mphotho. Cofunika ndi cakuti onse afike dzuwa lisanalowe, pakuti mizere ya mitengo m'mindamo imafanana, ndipo wotsala yekha angagone kuthengo. Pomaliza amamwa ndi kuimba pamodzi.