Mutu 7: Kulemberana ndi osindikiza mabuku pa imelo

Mphunzitsi mnzanga, ndiyambe ndi funso. Kodi m'kabati mwanu, kapena m'katoni pansi pa bedi, mulibe kope limene munalembamo nthano, ndakatulo kapena tinkhani tophunzitsira ana kuwerenga? Pa maphunziro amene ndakhala ndikuchititsa kuno ku Chitungwiza, kaya ku St Mary's, ku Zengeza kapena ku Seke, sindinasowepo mphunzitsi wokhala ndi kope lotere. Ambiri amalitulutsa mwamanyazi nthawi yopuma. Mutu uno ukufotokoza njira imene zolemba za m'kope lanulo zingadzere kuti zikafike pa desiki ya mkonzi wa mabuku, ndipo masiku ano njira imeneyo ndi imelo.

Nkhaniyi ndi yofunika kwa ife chifukwa cha ana amene timaphunzitsa. Malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a chaka cha 2013, pa ndime 6, amatchula Chichewa pakati pa ziyankhulo 16 zovomerezeka. Koma lamulo sililemba buku. Zidzukulu za anthu amene anachokera ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique kudzagwira ntchito m'mafamu, m'migodi ndi m'mafakitale zili m'makalasi mwathu, ndipo mabuku a Chichewa olembedwera mwana wa kuno ndi ochepa. Buku lochokera ku Lilongwe ndi labwino ndithu, koma limakamba za bwato ndi usipa, pamene mwana wathu amadziwa kombi ndi msika wa pa Chikwanha. Wodziwa kulembera mwana ameneyu ndinu.

Mmene zolemba zinkayendera kale

Samuel Josiah Ntara anali mphunzitsi ngati inu, wa ku mishoni ya Nkhoma ku Malawi. Nkhani yake ya Nthondo inapambana pa mpikisano wa bungwe lina la ku London loona za ziyankhulo za mu Africa, ndipo mu 1934 inatuluka m'Chingerezi ndi dzina loti Man of Africa. Taganizirani ulendo wa mapepala amenewo nthawi imeneyo: pa mtokoma, m'sitima, miyezi ikupita. Kuno kwathu, Literature Bureau, imene inayamba mu 1954, inkalandira zolemba za Chishona ndi Chindebele kudzera ku positi, zina zolembedwa pamanja. Charles Mungoshi, mlembi wotchuka amene anakhala zaka zambiri muno mu Chitungwiza mpaka imfa yake mu 2019, anagwirako ntchito ya ukonzi asanapite ku Zimbabwe Publishing House. Wolemba wa nthawi imeneyo ankalipira masitampa, n'kudikira. Mtokoma ukatayika, ndipo iye alibe kope lina, ntchito ya zaka ziwiri inali itapita.

Imelo inachotsa mavuto awiri: mtunda ndi kutayika kwa kope. Mukatumiza, zolemba zanu zimatsalanso kwa inu. Koma inabweretsa vuto lake. Popeza kutumiza n'kosavuta, aliyense amatumiza, ndipo mkonzi amapeza makalata ambirimbiri m'mawa uliwonse. Yanu iyenera kudziwika msanga kuti yachokera kwa munthu wodziwa chimene akufuna.

Mwina mukuti, "Nanga si tili ndi WhatsApp?" Inde, ndipo mkonzi mukazolowerana naye mwina mudzatumizirana mauthenga kumeneko. Koma nkhani ya buku imatenga chaka kapena kuposa. Foni imabedwa, imagwera m'madzi, nambala imasintha. Imelo imakhalabe ndi tsiku lake, ola lake ndi fayilo imene munatumiza, ndipo mutha kuitsekula pa kompyuta ya kusukulu kapena pa foni ya mwana wanu. Tsiku lina pakadzabuka kusamvana pa zimene munagwirizana, mboni yanu idzakhala imeneyo.

Kalata yoyamba

Musanalembe, fufuzani kaye ngati kampaniyo ikadalipo komanso ngati imasindikiza mabuku a mtundu wanu. Adiresi ya kuseri kwa buku lakale isakunamizeni. Literature Bureau inatsekedwa kalekale, ndipo Weaver Press ya ku Harare, imene inayamba mu 1998, inalengeza mu 2023 kuti ikuleka ntchito. Kampani ya mabuku a sukulu siifuna zofanana ndi kampani ya mabuku a mpingo. Ngati kampaniyo inalemba malangizo a katumizidwe ka zolemba, atsateni monga momwe alili, ngakhale akusiyana ndi zimene ndikunena pano.

Onaninso adiresi yanu ya imelo. Ikhale ya dzina lanu lenileni. Ija munatsekula muli ku koleji, ya dzina lachibwana, isungireni anzanu. Polemba adiresi ya kampani samalani kadontho kalikonse ndi chizindikiro cha @, chimene Ray Tomlinson anachisankha mu 1971 kuti chizilekanitsa dzina la munthu ndi malo amene kalata ikupita. Wa positi amatha kulingalira kuti "Zengesa" ndi Zengeza, kompyuta silingalira.

Pamwamba pa imelo pali mzere wolembapo mutu wa kalata. Ambiri amausiya wopanda kanthu, kapena amalembapo "Moni". Mzere umenewu ndi umene mkonzi amaona asanatsekule kalata, ndiponso ndi umene adzagwiritse ntchito poifunafuna patapita miyezi itatu. Lembanipo chinthu chenicheni: mtundu wa buku, chiyankhulo ndi ana amene mwalembera.

Kalatayo ikhale yaifupi, yokwanira pa sikirini imodzi. Ife Achewa timayamba ndi malonje, ndipo n'zabwino, koma pano mzere umodzi wa moni ndi wokwana. Onani chitsanzo ichi:

Mutu: Buku la Chichewa la ana a Giredi 2, Agogo Apita ku Msika

Okondedwa Mkonzi,

Ndine mphunzitsi wa pulayimale ku Chitungwiza ndipo ndaphunzitsa makalasi a ana aang'ono kwa zaka 14. Ndalemba buku la nkhani zisanu ndi imodzi m'Chichewa, la mawu pafupifupi 2,400, lolembera ana a Giredi 2. Nkhani iliyonse ikuphunzitsa maphatikizo ake, kuyambira osavuta mpaka a ng', nkh ndi mph. Ndaziyesa m'kalasi mwanga kwa materemu awiri. Ndatumiza nkhani ziwiri ngati chitsanzo. Mukafuna buku lonse, ndi lokonzeka.

Ine wanu,
dzina lanu lonse ndi nambala ya foni

Mwaona kuti kalatayi sikupepesa, komanso sikudzitama. Sikunena za mavuto a kunyumba. Ikupereka zimene mkonzi amafuna kudziwa: ndinu yani, buku ndi la yani, ndi lalitali bwanji, ndipo linayesedwa kale pa ana enieni. Mfundo yomalizayi ndi chuma chimene mphunzitsi ali nacho kuposa olemba ena onse, choncho musaiiwale. Ku makampani a ku Harare, ku Gweru kapena ku Bulawayo mudzalemba kalatayi m'Chingerezi, ndipo ndi bwino kuwonjezera ndime yofotokoza mwachidule zimene zili m'nkhanizo, chifukwa woyamba kuitsekula mwina samva Chichewa. Ku Blantyre kapena ku Zomba mutha kulemba m'Chichewa momwemo.

Werenganinso kalata yanu kawiri musanatumize. Kwa mkonzi, imelo imeneyi ndiyo tsamba loyamba la zolemba zanu. Akapeza zolakwa zitatu m'mizere isanu, sakhalanso ndi chidwi chotsekula fayilo.

Fayilo ndi zilembo zathu

Zolembazo muzitumize ngati fayilo ya Word yomata pa imelo. Musajambule masamba a kope ndi foni n'kutumiza zithunzi 30. Mkonzi sangakonze chithunzi. Fayilo muipatse dzina lomveka, lokhala ndi dzina lanu, mutu wa buku ndi tsiku. Ndaonapo mphunzitsi ali ndi mafayilo anayi, onse otchedwa "buku lomaliza", osadziwa kuti lomalizadi ndi liti. Zojambula musazilowetse zonse m'fayilo ya nkhani. Gmail salola fayilo yoposa 25 MB kumatidwa pa kalata, ndipo makampani ambiri amasankha okha wojambula. Ingolembani pamene pakufunika chithunzi ndi zimene chionetse.

Tsopano nali vuto limene olemba Chingerezi sakumana nalo. Kompyuta sidziwa Chichewa. Imatha kusintha yokha mawu anu kuti afanane ndi a Chingerezi, makamaka mukamalemba pa foni, choncho zimitsani kaye mbali yokonza mawu yokha. Kankhodolera ka mu ng' nako kamasowa kapena kusanduka zizindikiro zachilendo fayilo ikadutsa m'makina osiyanasiyana. Kwa wotayipa wosadziwa chiyankhulo chathu, "ng'oma" ndi "ngoma" ndi mawu amodzi, pamene ife tikudziwa kuti ina timaiomba pa gule, ina ndi nyama ya kutchire. M'buku lophunzitsa mwana maphatikizo, cholakwa chotere chimawononga phunziro lonse. Chimodzimodzi ndi chilembo cha ŵ: ngati mwasankha kuchigwiritsa ntchito, muuzeni mkonzi m'kalata, ndipo chikhale paliponse pamene chikufunika, osati apa chilipo apa palibe. Ine ndimatumiza fayilo ya Word pamodzi ndi ya PDF, chifukwa PDF imaonetsa zilembo monga ndinazilembera. Pa kalembedwe ka mawu, Mtanthauziramawu wa Chinyanja wa Centre for Language Studies ya ku Zomba akuthandizani. Tchulani m'kalata kuti ndi amene mwatsata.

Kudikira, ndi zobwera pambuyo pake

Imelo imafika m'kamphindi, koma buku siliwerengedwa m'kamphindi. Kawirikawiri mkonzi amapereka zolemba kwa munthu wina wodziwa chiyankhulocho kuti aziunike, ndipo ngati ndi buku la sukulu amaonanso ngati likugwirizana ndi silabasi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pakatha miyezi iwiri kapena itatu muli chete, kumbutsani mwaulemu, ndipo chitani zimenezo poyankha pa imelo yanu yoyamba ija kuti zonse zikhale pamodzi. Muzionanso m'bokosi la spam, chifukwa yankho labwino limatha kugwera m'menemo.

Akakukanani, musayankhe tsiku lomwelo. Mawu olembedwa mtima uli m'mwamba sabwezeka, ndipo akonzi a mabuku m'dziko muno ndi ochepa, amadziwana. Buku la Tsitsi Dangarembga la Nervous Conditions linakanidwa ndi osindikiza a muno mu Zimbabwe lisanatuluke ku London mu 1988. Thokozani, funsani ngati angakuuzeni chifukwa, kenako yesani kwina.

Akalilandira, fayilo yanu idzabwerera ili yofiira ndi zosintha. Mu Word muli njira yotchedwa Track Changes imene imaonetsa chilichonse chimene mkonzi wachotsa kapena kuwonjezera. Ife aphunzitsi tinazolowera kugwira cholembera chofiira, ndiye chikatembenukira kwa ife chimawawa! Onani chosintha chilichonse pachokha. Pamene mkonzi wakonza bwino, vomerezani. Pamene wawononga Chichewa, kanani ndipo perekani chifukwa. Pomaliza adzakutumizirani PDF ya masamba okonzeka kupita ku makina. Apa si polembanso nkhani. Ngati mungathe isindikizeni pa pepala, muwerenge mokweza mzere ndi mzere, ndipo zolakwa muzitumize mu imelo imodzi motchula tsamba ndi mzere.

Mgwirizano ndi akathyali

Mawu oti "talikonda buku lanu" si mgwirizano. Mgwirizano ndi chikalata chimene nonse awiri mumasainira, chonena gawo la ndalama limene muzilandira pa buku lililonse logulidwa, nthawi yolipira, mayiko amene kampani ingagulitseko, ndi zimene zidzachitike buku likatha pa msika. Gawolo nthawi zambiri limakhala pafupi ndi 10 peresenti, koma funsani: peresenti ya mtengo wa m'sitolo, kapena ya ndalama imene kampani yalandira itachotsera ogulitsa? Kusiyana kwake n'kwakukulu. Funsani pa imelo kuti yankho likhale lolembedwa. Mukakambirana pa foni, tsiku lomwelo tumizani imelo yobwereza zimene mwagwirizana. Umwini wa zolemba ndi wanu kuyambira pamene munazilemba, ndipo lamulo la Copyright and Neighbouring Rights Act limauteteza. Chimene mumapereka kwa kampani ndi chokhacho chimene mwasainira.

Mphunzitsi wina amene ndinamuphunzitsa analandira imelo yochokera kwa "kampani ya kunja" yoyamikira buku limene anali asanatumize n'komwe. Anamuuza kuti alipire ndalama ya kaundula ndi ya ISBN pasanathe masiku atatu. Analipira pa foni ndalama imene anasungira fizi ya mwana, ndipo kuyambira pamenepo adiresi ija inangoti zii. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kampani yeniyeni yosindikiza mabuku siuza wolemba kuti alipire kuti zolemba zake ziwerengedwe, ndipo siifulumizitsa munthu. Ngati mwasankha kusindikiza buku ndi ndalama zanu, imeneyo ndi njira ina yovomerezeka, koma pamenepo mukulemba ganyu wosindikiza, ndipo muyenera kuona mtengo wolembedwa ndi mabuku amene anatulutsapo. Nambala ya ISBN, ya manambala 13, muno mu Zimbabwe imaperekedwa ndi National Archives ku Harare. Ndipo pasiwedi ya imelo yanu musapatse munthu, ngakhale mnyamata wa pa kafe ya intaneti amene akukuthandizani kumata fayilo. Mukatha, tulukani mu imelo yanu musanadzuke pa mpando.

Ntchito 7.1

Tulutsani kope lija. Sankhani nkhani imodzi, muitayipe, muwerenge kuchuluka kwa mawu ake ndipo muipatse dzina la fayilo monga tafotokozera. Lembani imelo yopita kwa mkonzi yosaposa mawu 120, koma muitumize kaye kwa mphunzitsi mnzanu wa m'gulu lanu la maphunziro. Iye atsekule fayiloyo pa makina ena, aone ngati ng' aliyense wafika wamoyo, ndipo akuyankheni funso ili: atawerenga mzere wa mutu wokha, anadziwa kuti buku ndi la chiyankhulo chanji ndiponso la ana a giredi iti? Imelo yanu ndi yankho lakelo muzitumize kwa mlangizi wanu pamodzi ndi ntchito ya mwezi uno.