Kamoto ka pa Chitseko cha Galimoto

M'miyezi ya Juni ndi Julayi, kumapiri a Dowa ndi Ntchisi kumazizira ndipo mpweya umauma. Ambiri potsika galimoto amamva chitseko chikuwabaya pachala ngati singano. Si batire, si ufiti ayi. Juzi ya nayiloni ikamakhulana ndi mpando, thupi limasonkhanitsa magetsi omwe amathetheka mukakhudza chitsulo.

Kupewa kwake nkosavuta. Gwirani chitsulo cha chitseko musanadzuke pampando, osachisiya mpaka phazi litaponda pansi. Valani zovala zathonje, ndipo dzolani mafuta kuti khungu lisaume.

Samalani kwambiri pogula petulo, kaya pa Mponela kapena pa boma, chifukwa kamotoka kangayatse nthunzi yake. Chigubu chitsitseni pansi musanathiremo petulo. Musathire chili m'galimoto.