Ulendo wa ku Mwanza, Kwawo kwa Malalanje ndi Manachesi

Alimi ambiri amene timacheza nawo m'minda ya fodya amawadziŵa manachesi a ku Mwanza chifukwa chowagula pamsika, koma ndi oŵerengeka amene anaonapo mitengo yake. Mwezi wa June ndinapeza mwayi wokayendera alimi a kumeneko, ndipo ndikufuna ndikufotokozereni zimene ndinaona.

Kuchokera ku Blantyre ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 100. Munthu amawoloka Shire pa mlatho wa Zalewa, nkukhotera kumadzulo mu msewu wopita ku Tete. Chigawo choyamba ndi chotentha, cha malambe ndi miyala. Koma msewu ukayamba kukwera, mphepo imasintha, ndipo mapiri a Kirk Range amaonekera kumpoto, cha ku Neno. Boma la Nenolo linali mbali ya Mwanza kufikira chaka cha 2003, ndipo nakonso zipatsozi zimabereka. M'maŵa nkhungu imagona m'zigwa, ndipo ikamachoka mumaona mitengo yobiriŵira bii, zipatso zili psuu kuzungulira nyumba. Ndinaima nthaŵi yaitali pamtunda pena cha ku Thambani, mpaka wondiperekeza anandikumbutsa kuti sitinabwerere kudzaona malo.

Ananena zoona, pakuti nditaloŵa m'munda woyamba mtima wanga unasintha. Mwini munda, bambo wachikulire, anandiuza kuti mitengo yambiri anabzala ndi atate ake, ndipo yonse inachokera ku njere. Inali yaitali kuposa denga la nyumba, ya minga, nthambi zouma zili mbwee. Pofuna kuthyola, anyamata amakwera nkugwedeza nthambi. Chipatso chogwa chotere chimasweka mkati ngakhale kunja chikuoneka bwino, ndipo sichitha masiku ambiri chisanaole. Kenaka amachithira m'thumba pamodzi ndi chabwino, nkuunjika matumbawo pa lole. Wogula akudziŵa kuti gawo lina likafika ku Limbe litaonongeka, nchifukwa chake amadula mtengo asanatsegule nkomwe thumba.

Vuto lina ndi lakuti manachesi amapsa nthaŵi imodzi, m'miyezi yozizira. Mudzi wonse umakhala ndi katundu sabata yomweyo, ndipo amene amatchula mtengo ndi wogula. Mlimi akakana, zipatso zimagwa zokha.

Pansi pa mitengo panali zipatso zambiri zoola zimene palibe anazitola. Apa mpamene ntchentche ya zipatso imaswanirana. Imaikira mazira m'khungu la chipatso, mphutsi zimadya mkati, chipatso chikagwa zimaloŵa m'nthaka, ndipo zimatulukamo zili ntchentche zatsopano. Mankhwala ake oyamba safuna ndalama: tolani zakugwa zonse kaŵiri pa sabata ndi kuzikwirira m'dzenje lakuya. Ndinaonanso mitengo ina ya masamba achikasu mbali imodzi, zipatso zake zazing'ono, zopendekeka ndi zoŵaŵa. Zizindikiro zotere zimafanana ndi za matenda amene akatswiri amawatcha greening, ofalitsidwa ndi tizilombo ting'onoting'ono toyamwa masamba anthete. Mtengo wogwidwa nawo suchira. Uyenera kuzulidwa, ndipo musatengepo kanthambi kokamezanitsa.

Madzulo ndinafika pa munda wa mayi wina umene unandibwezera chimwemwe. Ali ndi mitengo yosakwana makumi atatu, yonse yomezanitsa pa tsinde la mandimu, yotalikirana mamita asanu ndi limodzi. Ndi yaifupi, kotero kuti amathyola ataima pansi, chimodzichimodzi, nkumaika m'dengu. Amasankha zazikulu pazokha, monga momwe inu mumasankhira fodya. Ali ndi malalanje a mtundu wa Valencia amene amapsa mochedwa, pamene anzake amaliza kale kugulitsa, ndipo pa nthaŵi imeneyo ogula ndiwo amamufunafuna. Manyowa a m'khola amathira mozungulira, molingana ndi pamene nthambi zalekezera, osagunda tsinde.

Mtengo womezanitsa umayamba kubereka patatha zaka zitatu kapena zinayi, pamene wa njere ungakudikiritseni zaka zisanu ndi ziŵiri kapena kuposa. Kusiyana kumeneku nkofunika makamaka kwa inu matenanti. Sindikukulangizani kubzala mitengo pa esiteti, pa malo amene si anu, popeza mgwirizano ukatha simunganyamule mtengo. Koma mukalandira ndalama zanu, patulani pang'ono, mugule mbande zisanu kapena khumi, mukabzale kumudzi kwanu mvula ikakhazikika. Musagule mbande za m'mbali mwa msewu zosadziŵika kumene zachokera. Funsani mlangizi wa m'dera lanu akuuzeni nazale yodalirika, ndipo pogula onetsetsani chipsera cha pamene anamezanitsa. Siyani munthu wothirira m'chilimwe choyamba ndi chachiŵiri, ndipo mutchinge ndi mpanda chifukwa mbuzi zimakonda masamba ake.

Pobwerera mayi uja anandipatsa kadengu ka manachesi othyola ndi manja. Anakhala m'nyumba mwanga masiku khumi osaola ndi limodzi lomwe.