Mnyamata akati “ndikufuna kwathu”, lamulo limati chiyani?

Mnyamata wa ku Nthalire kapena ku Misuku chamba chikamusokoneza mutu, ulendo umayambira pachipatala chachikulu cha boma la Chitipa. Matenda akakula, amatumizidwa ku St John of God ku Mzuzu, apo ayi ku Zomba Mental Hospital, kutsidya lina la dziko. Pakapita masabata angapo mutu ukayamba kukhazikika, pamabuka funso limene limakanganitsa makolo ndi achipatala: kodi angathe kungonyamula chikwama n’kumapita?

Malire ake ndi zaka 18. M’mwezi wa February 2017 aphungu a Nyumba ya Malamulo anasintha gawo 23 la malamulo aakulu a dziko lino kuti aliyense wosakwana zaka 18 aziwerengedwa ngati mwana. Kale malirewo anali zaka 16, ndipo lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 linalembedwanso motero, zomwe zinkasiya achinyamata a zaka 16 ndi 17 pamphambano. Tsopano wa zaka 17, ngakhale atamera ndevu, akadali m’manja mwa makolo kapena womuyang’anira, ndipo achipatala amakambirana ndi amenewo za tsiku lotuluka.

Sikuti mwanayo alibe pakamwa. Pangano la United Nations la ufulu wa ana, lomwe Malawi analivomereza mu 1991, limafuna kuti maganizo a mwana azimvedwa molingana ndi msinkhu wake, komanso kuti mwana wosungidwa kwina chifukwa cha chithandizo nkhani yake iziunikidwa nthawi ndi nthawi. Malamulo athu omwe amavomereza kuti nzeru siziyembekeza zaka 18: wa zaka 13 amaloledwa kukayezetsa HIV payekha. Choncho kumutsekera mwana osamufotokozera chifukwa, kapena osamuuza kuti adzatuluka liti, n’kumulakwira.

Akakwanitsa zaka 18, wodwala amene ali m’chipatala mwa kufuna kwake amadzisankhira yekha. Amalume angakalipe bwanji, alibe mphamvu yomuletsa. Zimasintha pokhapo madokotala akaona kuti angadzivulaze kapena kuvulaza ena. Apo angasungidwe asakufuna, koma potsata ndondomeko ya lamulo, osati chifukwa abale atopa naye.

Wopita kudzera kukhoti ndiye nkhani yake ndi ina. Mwa lamulo, mwana wopalamula sayenera kuikidwa m’ndende; khoti la ana lingamutumize kosinthira khalidwe, monga ku Mpemba ku Blantyre kapena ku Chilwa ku Zomba. Kumeneko kholo silingangofika n’kunena kuti ndadzatenga mwana wanga, naye mwanayo sangadzitulutse. Woona ngati nthawi yakwana ndi bungwe la Child Case Review Board, lotsogoleredwa ndi jaji wa khoti lalikulu.

Kwa anthu a ku Chitipa chovuta kwenikweni ndi mtunda. Kungofika ku Karonga ndi makilomita pafupifupi 100, ndipo Zomba akadali kutali. Mabanja ambiri sakwanitsa thiransipoti yokamuzonda mwana, ndiye miyezi imatha popanda womufunsira. Banja lotere lisadikire kupeza ndalama ya basi: lipite ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu paboma pa Chitipa, kapena liimbe 116, nambala yaulere yothandiza ana.